A Musapume ndi Mabomba a Eni Ake

Mukathyoka mkono mumzinda wathu uno, kapena chifuwa chikakukakamirani mpaka adokotala n'kuyamba kukayika, adzakupatsani kapepala n'kukulozerani khonde lalitali lopita kuseri kwa chipatala. Kumapeto kwa khondelo kuli chitseko cholemera, pamwamba pake pali kanyali kofiira. Mukalowa mudzapeza mayi wamfupi, wa magalasi omangirira kachingwe, amene adzakuimikani chifuwa chitagunda chitsulo chozizira, n'kukukonzani mapewa ngati akukonza mwana wopita kusukulu. Akatero adzathawira kuseri kwa khoma n'kukuwa pakawindo kuti, "Kokani mpweya! Gwirani pomwepo! Musapume!" Makina adzalira pang'ono, kenako mudzamva, "Pumani tsopano, mungandifere pano."

Mawu amenewo ndi amene anasanduka dzina lawo. Kumsika, m'basi, pamzere wa kubanki, aliyense amangoti a Musapume, ndipo iwo amayankha bwinobwino. Ine ndine amuna awo. Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, m'kachipinda ka pansi pa masitepe, pakati pa wometa ndi wokonza mawotchi. Anthu ambiri amawadziwa mayiwa ngati ojambula mafupa basi. Ndi ochepa amene amadziwa kuti kuyambira ali pasukulu akhala akulimbana ndi mabomba a nyukiliya, zinthu zimene sanazionepo ndi maso, ndipo ine ndimapemphera kuti asadzazione.

Tinadziwana chifukwa cha nsalu yoyala pabedi. Musafulumire kuganiza zoipa. Nthawi imeneyo anali mtsikana wa pakoleji, ndiye mundilole kuti pofotokoza za masiku amenewo ndizingoti iye.

Tsiku lina masana ndikutsuka maburashi, panafika atsikana awiri. Wina anali wamtali, anzake ankamutchula kuti Wailesi chifukwa ankayamba kulankhula asanafike pakhomo ndipo palibe ankadziwa pozimitsira. Winayo anali wamfupi, atakumbatira nsalu yoyera yokulungiza.

"Achimwene, ndinu olemba zikwangwani?" anatero Wailesi. "Tikufuna zilembo zikuluzikulu, zoti munthu aziwerenge ali tsidya la msewu. Mulembe kuti ZIDA ZA NYUKILIYA ZITHE PADZIKO LONSE LAPANSI."

Ndinaitambasula nsaluyo n'kuiyang'ana. "Achemwali," ndinatero, "dziko lonse lapansi silingakwane pabedi la munthu mmodzi."

Tinagwirizana zochepetsa mawu, n'kutsala MABOMBA A NYUKILIYA ATHE. Koma ine pakamwa pankandiyabwa. Ndinafunsa kuti, "Kodi boma lathu lagula liti mabomba amenewa? Ine ndimayesa ndi a eni ake, a mayiko akuluakulu kutaliko. Ife kuno galimoto yozimitsira moto timachita kuikankha kuti ilire. Inu mukuvutikiranji ndi za eni?"

Wailesi anatsegula nkhani yaitali, ya mayiko, ya zaka, ya misonkhano, moti ndinasochera pakati. Atapumira kuti ameze malovu, wamfupi uja anandifunsa motsitsa mawu.

"Mukatsegula chitini cha penti, wometa uja samva fungo?"

"Amamva. Tsiku lililonse amandidandaulira."

"Chitinicho n'chanu, koma akutsokomola ndi iye," anatero.

Wailesi anathamangira kukalasi, ndipo iye anatsala kuti azindigwirira nsalu chifukwa kunali mphepo. Ntchito yoti ndikanaimaliza masana omwewo ndinaikoka dala, ndikunamizira kuti penti iyenera kuuma kaye ndisanabwerezenso. Anabweranso maulendo angapo, ndipo pang'onopang'ono, atagwira ngodya ya nsalu, anandifotokozera mmene analowera m'zimenezi.

Iye sanapite kukoleji kuti akasinthe dziko. Ankangofuna ntchito ya yunifolomu yoyera, yosafuna kulankhula kwambiri. Mayi ake anali telala, bambo ake msilikali wopuma, ndipo m'nyumbamo olankhula analimo okwanira. Kujambula m'thupi kunamukomera chifukwa munthu umakhala m'chipinda chako, wodwala mmodzi, makina amodzi. M'chaka chachiwiri anayamba kuphunzira za cheza chimene makinawo amatulutsa, chosaoneka, chosanunkha, koma choti chikachuluka chimawononga magazi ndi mafupa. Aphunzitsi awo, mayi wachikulire wa mawu otsika, anawagawira timabaji toti azimangirira pachifuwa, toyeza cheza chimene munthu walandira. Ankawakumbutsa tsiku ndi tsiku kuti aziima kuseri kwa khoma.

Tsiku lina aphunzitsiwo anatseka makatani n'kuwaonetsa zithunzi za kale, za anthu a m'mizinda imene inaponyeredwa mabomba a nyukiliya. Anzake ankayang'ana mabwinja a nyumba. Iye chinamugwira ndi chithunzi cha msana wa mayi wina. Kutentha kwa bomba kunadinda pakhungu la mayiyo mizere ya nsalu imene anavala.

"Ine ndakulira pansi pa tebulo la telala," anandiuza. "Nsalu ndimaidziwa. Ndinaona kuti mayi ameneyo anasankha nsaluyo m'sitolo, anaikonda, wina anamusokera. M'mawa umenewo anaivala osadziwa kanthu."

Kalasi itatha anatsalira n'kufunsa aphunzitsi ngati mabomba otero anawataya ataona zimenezo.

"Anawachulukitsa," anayankha aphunzitsiwo akupinda makatani.

"Nanga likaphulika, achipatalafe timatani?"

"Chipatalacho chimakhala chapsa kale, mwana wanga. Ngati zikukusowetsa mtendere, pita ukawerenge chipepala chimene chamatidwa pakhomo la laibulale."

Chipepalacho chinali cha kagulu ka ophunzira kamene kankakumana m'kalasi ina maphunziro akatha. Anali ochepa moti ankakwana pamabenchi awiri. Mtsogoleri wawo ankaphunzira zamalamulo, ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo onse ankamuti Loya ngakhale anali asanamalize. Iwo ankakamba za pangano limene mayiko amalonjezana kuti sadzapanga, kusunga kapena kugwiritsa ntchito zida zimenezi, ndipo ankafuna kuti boma lathu liikepo dzanja. Wamfupi wanga anapatsidwa udindo wofufuta bolodi ndi wonyamula ndodo ya nsalu. Anakhutira nawo.

Nsalu itauma ndinaiperekeza ndekha kwawo, poti mayi ake ndi amene ankayenera kusoka mipendero yolowetsamo ndodo. Kumeneko ndi kumene ndinakumana koyamba ndi amene anadzakhala apongozi anga. Bambowa usilikali wawo wonse anathera m'gulu loimba, akuliza lipenga. Mfuti anaigwirapo pophunzira pokha, koma akayamba kukamba za nkhondo mukhoza kuyesa anagonjetsa okha mayiko atatu. Anawerenga nsaluyo atapinda manja kumbuyo, n'kupukusa mutu.

"Mwanawe, wakuba amaopa nyumba ya galu wolusa. Mayiko amenewo sakumenyana chifukwa aliyense akuopa galu wa mnzake. Ukachotsa agaluwo, mawa lomwe nkhondo."

"Ababa, galu wolusa akadula unyolo sasankha woluma."

"Unyolo wake ndi wolimba."

"Unyolo uliwonse umachita dzimbiri."

"Taona! Ndinakutumiza kukaphunzira, wabwerako ndi pakamwa."

Mayi ake anachotsa mapini kukamwa n'kunena kuti, "Inu akuluakulu a nkhondo awirinu, wina agwire uku wina agwire uko, nsalu ikukhwinyata." Onse anagwira, akupitiriza kukangana pamwamba pa mutu wa telala.

Kutatsala masiku ochepa kuti achite zionetsero, ophunzirawo anabwera kudzayeserera pabwalo la kuseri kwa nyumba. Bambo aja anakhala pakhonde akuonerera. Wina ankathamanga, wina ankakwakwaza mapazi, nsalu ikupindika pakati moti ankangowerengeka mawu akuti MABOMBA ATHE, nyukiliya atabisala m'khwinya. Bambowo anapirira, anatembenukira kukhoma, anatembenukanso. Mapeto ake anadzuka.

"Kodi mukuguba kapena mukusaka singano?" anakuwa. "Iwe wa tayi, bwerera kumbuyo! Mwendo wamanzere ndi uti? Tamverani, zimene mukunenazi sindikugwirizana nazo ngakhale pang'ono. Koma mwana wanga sayenda mumsewu ngati bakha."

Anawagubitsa mpaka Loya anamasula tayi. Ndipo tsiku la zionetsero, ife tikusonkhana pachipata cha koleji, tinangoona bambo aja atulukira, atavala jekete lawo lakale losita bwino, lipenga lili m'khwapa, likunyezimira. Anati abwera kudzaonetsetsa kuti mapazi akugwirizana, zina zonse sizikuwakhudza.

Tinayenda msewu waukulu, wapolisi mmodzi ali patsogolo panjinga yamoto akuyasamula. Lipenga linatulutsa anthu m'masitolo. Ena ankayesa ndi ukwati, ena maliro a munthu wamkulu. Mnyamata wina wotsuka galimoto anakuwa kuti, "Kodi Nyukiliya ameneyu ndi ndani? Waba chiyani?" Anthu anaseka chikhakhali, ifenso tinaseka. Mayi wina wogulitsa nthochi anatitsatira, dengu lili pamutu, n'kuyandikira kwa wonyamula ndodo wamfupi uja kuti amufotokozere. Ndinamuona akuyankhula ndi mayiyo mtunda wonse, mawu otsika, dzanja limodzi pandodo, linalo likujambula m'malere. Kanali koyamba kuti afotokozere mlendo nkhaniyi. Posiyana, mayiyo anamupatsa nthochi n'kunena kuti, "Kawauzeni asiye, ife ana athu akadali aang'ono."

Ulendowo unathera pachipata cha khonsolo ya mzinda. Ophunzirawo ankafuna kuti khonsolo ipemphe boma kulowa m'pangano lija. Anayembekezera kuti atuluka a meya. M'malo mwake anatuluka kalaliki wowonda wovala juzi, amene analandira pempho lawo ndi manja awiri n'kuwafotokozera mwaulemu mmene zimayendera. Makhansala amakumana mwezi uliwonse. Nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pamabenchi a kumbuyo n'kumamvera. Nkhani yawo idzaitanidwa, ndipo mwini nkhani adzapatsidwa mpata wolankhula, koma akadzapezeka palibe, nkhaniyo idzadumphidwa.

"Idzaitanidwa liti?" anafunsa Loya.

"Ikadzafika nthawi yake," anayankha kalaliki, n'kubwerera m'kati.

Pamsonkhano woyamba kagulu konse kanapita. Chipinda chake chinali ndi tebulo lalitali, mabotolo a madzi, ndi fani imodzi yolira ngati ikudandaula. Makhansala anakamba za ngalande zotsekeka, za agalu opanda eni, za zimbudzi za kumsika, za magetsi a mumsewu. Za mabomba, zii. Wailesi, amene sanazolowere kumvera ena, anagona tulo pakamwa pali yasa. Mwezi wotsatira anapita ochepa. Kenako kunabwera mayeso, Loya anapeza malo ophunzirira ntchito kumzinda wina, Wailesi analowa gulu la zisudzo kumene ankamulola kulankhula mmene angafunire. Sindikuwanena. Anali ana abwino, ndipo mabenchi a kukhonsolo ndi ouma.

Amene sanaphonye anali wofufuta bolodi uja. Inenso sindinkaphonya, ngakhale kunena zoona chimene chinkandikokera kumeneko sanali mabomba. Chodabwitsa chinali choti iye anayamba kusangalala nayo misonkhanoyo. Ankatchera khutu nkhani ya ngalande ngati ndi sewero la pawailesi. Tsiku lina anandinong'oneza kuti, "Ine ndimayesa ngalande zimangotsekeka zokha n'kutseguka zokha. Kani pali anthu amene amakangana kuti iyambe kukumbidwa ndi iti? Ndipo aliyense akhoza kulowa muno n'kunenapo?" Anadziwa khansala amene amalankhula kwambiri koma osachita kanthu, ndi amene amakhala chete koma akanena chinthu chimachitika. Kalaliki wa juzi uja anayamba kumatisungira malo pafupi ndi windo.

Linali tsiku la mvula, tonse nsapato zitanyowa, pamene wapampando anayang'ana papepala lake n'kunena kuti, "Tsopano nkhani ya ana a sukulu, ya mabomba. Eni ake alipo?"

Iye anatembenuka kuyang'ana mabenchi. Munalibe Loya, munalibe Wailesi. Munali ife awiri ndi bambo wina amene anabwera kudzadandaula za malo oimika njinga. Anandigwira mkono mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa.

"Lankhulani inu," anandinong'oneza.

"Ine ndimalemba, sindilankhula. Imirirani, achemwali, angaidumphe."

Anaimirira. Mawu oyamba sanamveke, moti wapampando analamula kuti fani izimitsidwe. M'chipindamo munangoti zii, kumangomveka mvula padenga.

"Ine ndikuphunzira kujambula m'thupi mwa anthu," anatero. "Cheza chimene timagwiritsa ntchito n'chochepa kwambiri, koma ngakhale chochepacho timachibisalira kuseri kwa khoma. Odwala ena timawaphimba ndi epuloni ya mtovu, yolemera moti imapweteka mapewa. Bomba likaphulika kulibe khoma, kulibe epuloni. Mwezi watha basi inagubuduzika pamlatho, ine ndinali kuchipatala. Basi imodzi yokha, anthu anagona pansi m'khonde, mabandeji anatha. Ndiye ndikamva kuti kuli zida zoti zingawotche mzinda wonse kamodzin'kamodzi, ndimadzifunsa kuti tidzayambira pati. Anthu amati n'zakutali. Koma utsi sudziwa malire a dziko. Ndipo mayiko akutaliwo akapsa, mankhwala athu, mafuta athu, zipangizo za makina athu, zonse zimachokera komweko."

Khansala wina wonenepa, mwini butchala, munthu wansangala, anakweza dzanja.

"Mwana wanga, walankhula bwino. Koma tandiuza zoona. Ife tikakweza manja muno, mabombawo atha?"

"Ayi, bambo, satha."

Anthu anaseka.

"Nanga tivutikirenji?"

"Chifukwa boma limamvera khonsolo kuposa ana a sukulu onyamula nsalu ya pabedi. Ife tafika pamene miyendo yathu ingafike. Kuchokera pano mawu athu angakwere ndi inu."

Khansala wina, mayi wa imvi amene nthawi zambiri ankakhala chete, ananena kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo sakuona chovuta kuti mzinda unene maganizo ake. Wina anatsutsa kuti khonsolo si malo a nkhani za mayiko. Anakokanakokana, mapeto ake wapampando anati nkhaniyo ipite kukomiti. Ine ndinayesa ndiye kuti yafa. Koma kalaliki uja potuluka anatiuza kuti kukomiti nkhani imafa ngati mwini wake wasiya kuifunsa. Iye sanasiye. Ankadutsa pa ofesi ya kalaliki pochokera kuchipatala, kupereka moni, kufunsa, n'kumapita. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvula inatha, kunabwera chisanu, kenako tsiku lina nkhaniyo inabwerera m'chipinda chachikulu. Pempho la ophunzira lija, limene Loya analilemba masamba angapo, linali litafupikitsidwa n'kukhala chiganizo chimodzi, chonena kuti khonsolo ya mzinda uno ikupempha boma kuti liganizire zolowa m'pangano loletsa zida za nyukiliya. Anachiwerenga pakati pa nkhani ya agalu ndi nkhani ya magetsi. Manja anakwera, ochuluka ndithu, la mwini butchala lili pomwepo. Palibe anaomba m'manja. Wapampando anangoti, "Yadutsa. Tipite ku magetsi."

Titatuluka tinalowa m'kanyumba ka tiyi ka pafupi ndi siteji ya basi. Iye anadya mabanzi ngati munthu wochira matenda aakulu. Ine ndinamuyang'ana n'kuganiza kuti munthu wotha kupirira mabenchi a khonsolo akhoza kundipiriranso ine. Ndinamufunsira pomwepo, supuni ili m'manja. Anamaliza kutafuna, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti, "Nkhani yanu ndaimva. Ndaitumiza kukomiti."

Komitiyo, kutanthauza mayi ake ndi azakhali ake, sinachedwe ngati ya kukhonsolo. Tinakwatirana iye atangomaliza maphunziro, ndipo kuyambira pamenepo ndibwerere kunena kuti iwo.

Anayamba ntchito m'chipinda chomwe chija cha kumapeto kwa khonde, ndipo sanasunthepo. Anakana kukwezedwa kupita ku ofesi, ati mapepala alibe mapewa oti uwakonze. Ana oopa makina amawauza kuti akuwajambula chithunzi cha m'kati, amwetulire ndi nthiti. Tinabereka mwana mmodzi, wamkazi. Tinachoka m'chipinda chimodzi n'kulowa m'nyumba ya zipinda zitatu, ya khonde laling'ono loyang'ana kumsewu. Kukhonsolo sanasiye kupita. Amasinthana ndi mnzawo wa kuntchito kuti tsiku la msonkhano aweruke msanga. Ngalande ya mumsewu wathu anaikambira, malo owolokera ana pafupi ndi sukulu anawakambira. Zina zinatheka, zina mpaka lero. Anthu a m'dera lathu akakhala ndi dandaulo amafika pakhonde pathu, koma iwo sawalankhulira. Amawauza tsiku, khomo lolowera, n'kupita nawo kukakhala pambali pawo. Ena anawapempha kuti aime nawo pachisankho cha makhansala. Anakana, ati benchi la kumbuyo nalonso limafuna munthu.

Nanga mabomba? Boma linayankha patapita nthawi kuti nkhaniyo likuiganizira. Ophunzira a m'mizinda ina anamva zimene zinachitika kwathu n'kuyesanso kwawo, ena zinawayendera, ena ayi. Mabombawo akadalipo, kwa eni ake. Pawailesi pakamveka kuti mayiko akuluakulu akuopsezana, iwo amakweza mawu a wailesi, kumvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kudzuka kukasita yunifolomu. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizimawagwetsa mphwayi, zaka zonsezi chinthu osatha.

"Odwalanso satha," anandiyankha osasiya kusita. "Kodi munaona nditasiya kupita kuntchito?"

Kagulu ka kukoleji kaja sikanafe. Kamachepa, kamachuluka, kamasintha dzina, koma chaka chilichonse kamapezeka ndi ana atsopano, ndipo wina amawauza kuti kuli mayi wina kuchipatala amene anayambira kale. Loweruka masana amadzaza pakhonde pathu. Masiku ano ali ndi mafoni, amadziwa zambiri kuposa zimene ife tinkadziwa, ndipo zikwangwani akhoza kukasindikiza pamakina. Komabe amakonda kutenga maburashi anga n'kudzipaka penti mpaka m'makutu. A Musapume sawatsogolera, sawauzanso zoti anene. Amawathirira tiyi n'kuwalangiza zinthu zing'onozing'ono: kuti asanapite kumsonkhano adye kaye, kuti kalaliki azimupatsa moni, kuti munthu akafunsa funso lachipongwe amuyankhe ngati wafunsa lanzeru, ndiponso kuti chimene sakuchidziwa avomere kuti sakuchidziwa.

Apongozi anga aamuna tikukhala nawo, chimwalirireni akazi awo, atelala aja. Akalamba, mpweya wa lipenga unatha, koma wa mkangano ulipo wochuluka. Amakhala pampando wawo pakona ya khonde, bulangete lili pamaondo, kudikira kuti mwana wina anene chinthu chosapsa bwino kuti amugwire. Maganizo awo sanasinthe ngakhale pang'ono. Anawo amawakonda kwambiri, amachita kulimbirana kukhala pafupi nawo. Amati ukatha kuyankha agogo, khansala sangakuvute.

Mwana wathu yekha ndi amene za mabomba sizimukhudza kwenikweni. Amati m'nyumba muno okangana za nkhondo akwana. Iye mtima wake uli pampira wamanja. Iye ndi anzake amasewera pabwalo lina lafumbi pafupi ndi chipatala, kuyambira ali wamng'ono. Chaka chino khonsolo inaganiza zomanga pabwalopo shedi yoti odikirira odwala azipumuliramo, poti amakhala padzuwa kunja kwa mpanda. Mayi ake anaikonda nkhaniyo, chifukwa anthuwo amawaona tsiku lililonse. Mwana sananene zambiri kunyumba. Anangofunsa tsiku la msonkhano.

Tinapita atatu. Nkhani itaitanidwa, mayi anaimirira n'kufotokoza bwinobwino za amayi okalamba amene amakomoka ndi dzuwa podikira nthawi yoona odwala. Atakhala pansi, wapampando anafunsa ngati pali winanso. Ndinangomva benchi lagwedezeka kumanzere kwanga.

"Mayi amene alankhulawa ndimawalemekeza," anatero mwana wathu. "Ndi mayi anga. Koma apa alakwitsa."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ngakhale wapampando anabisa nkhope kuseri kwa pepala. Mwanayo sanaseke. Ananena kuti atsikana a dera lonselo alibe bwalo lina, kuti kuseri kwa chipatala kuli malo amene amangoimikapo magalimoto owonongeka, ndipo shediyo ikhoza kukwana kumeneko popanda kulanda aliyense. Anatchula ndi kutalika kwa malowo, kusonyeza kuti anakawayendera. Makhansala anagwirizana zoti akaone malo onse awiri asanagamule.

Pobwerera tinayenda wapansi. Awiriwo anali patsogolo, ine kumbuyo nditanyamula maambulera. Anayenda mtunda ndithu, ine ndikuyembekezera kuti mphepo iyambira mbali iti. Tikuyandikira kumsika, mayi anayamba.

"Unaima bwino. Koma umathamangitsa mawu, a kumapeto kwa tebulo sanamve zonse."

"Inuyo munamva?"

"Ndinamva."

"Ndiye?"

"Ndiye kuseri kumene ukunenako n'kutali ndi chipata. Agogo a ndodo sangafikeko."

"Akhoza kutsegula kachipata kena."

"Kachipata kamafuna mlonda."

Anaima pabenchi la tomato akukanganabe, wina akusankha, wina akubweza amene mnzake wasankha. Wogulitsayo anandiyang'ana ngati akufunsa ngati kuli mtendere. Ndinamuuza kuti asadandaule, angotipatsa jumbo. Akazi anga anatembenuka kuti andipatsire tomatoyo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuwala ngati ya munthu amene wapatsidwa mphatso. Anandinong'oneza kuti mwana asamve, "Mwaona? Malowo anachita kukawayeza ndi mapazi." Kenako anabwerera kwa mwana wawo n'kupitiriza za mlonda wa kachipata, mpaka tinakafika kunyumba.